Mlandu Sunali M'kabotolo

Abusa, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Amayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, achinyamata, mwadzuka bwanji nonse. Zikomo, inenso ndadzuka, ngakhale kudzuka kwake nkwa munthu amene mtima wake sukhala pansi. Ambiri mundidziwa, ndine Amake Lute, wa konkuno ku Mnkhanya, ndinabadwira kuno ndipo ndakalambira kuno. Ndikufuna kuchitira umboni.

Mundipirire ngati ndikuyendayenda, lero sinditha kuima malo amodzi. Lamulungu lathali ndinayenera kuima pano ndipo ndinalephera. Ndinagwira benchi kuti ndinyamuke, ndinakhalanso pansi. Lero ndati ayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, chifukwa Lachiwiri likubwerali motoka ikutsika kuchokera kumtunda kudzatenga munthu ndi katundu wake yense, ndipo wothamangitsa munthuyo pamudzi pano ndine. Munthuyo ali muno, wakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Musacheuke, nthawi yocheuka ndikuuzani. Ndi Amake Chisomo.

Umboni wanga ndi wa nkhuku. Ee, sekani, ndaona achinyamata mwayamba kale. Mumayembekezera kuti ndinena za ng'ona kapena njovu. Ndi nkhuku, abale. Kuno kuchigwa ng'ombe sizikhala, kashembe salola. Chimanga timalimira njovu, ife nkumakunkha zotsala. Ndiye nkhuku ndiyo ng'ombe yathu. Mlendo akabwera, nkhuku. Mwana akadwala, nkhuku pa njinga kupita nayo kumsewu. Ine pa nkhuku ndinali katswiri, ndipo ndinkadziwa kuti ndine katswiri, vuto linali pamenepo. Zinali sate folo pakhomo panga, ndipo aliyense wodutsa ndinkamuuza nambala ngakhale asanafunse.

Kwa alendo amene simuwadziwa Amake Chisomo, ndinene pang'ono. Anatsika kuchokera kumtunda zaka zapitazo ndi amuna awo, kudzalima thonje. Amuna awo atamwalira tinawaika ife tomwe, ndipo iwo sanabwerere kwawo, anati kwathu ndi kuno tsopano. Pamene a zaulimi anafuna munthu woti akaphunzire katemera wa chitopa, tonse tinati tatanganidwa. Iwo anapita. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zinachitikadi. Kuyambira pamenepo katatu pachaka mumawaona pa njinga, kabotolo atakakulunga m'kansalu konyowa kuti kasatenthe, khomo ndi khomo. Iwe wagwira nkhuku, iwo dontho limodzi m'diso, basi, bweretsani ina. Mukukumbukira mmene chitopa chinkatisesera makola kukatentha? Tinkatola nkhuku zakufa ndi dengu. Zimenezo zinatha chifukwa cha mayi ameneyu.

Ndipo anali mnzanga. Mnzanga weniweni. Mchere ukatha kwanga ndinkakatapa kwawo osapempha. Pa kwaya tinkakhala benchi imodzi, iwo mawu apamwamba, ine apansi.

Chaka chino titagulitsa thonje, bambo a Lute anapita ku Jumbe. Pamsewu anapeza munthu akugulitsa misoti ya mtundu waukulu, ija ya miyendo yonenepa. Anagula sikisi, kuimanga miyendo ndi luzi, kuipachika pa njinga, ulendo wobwerera. Ine kuiona, chimwemwe. Ndinaimasula nkuiponya m'khola momwe munali zinzake, momwemonso munali mathadzi atatu ndi anapiye awo. Ndikanaiika kuti? Panja pali likongwe. Ndipo ndifunse, ndani muno anamangapo khola lachiwiri loikamo nkhuku zachilendo? Palibe, tonse timangoponya.

Msoti umodzi unkatsimphina. Ndinati, "Bambo a Lute, mwamanga ngati mukumanga mbuzi. Taonani mwendo mwaupha."

Iwo anati, "Ndamanga mmene ndimamangira masiku onse."

Ine ndinati, "Ndiye kuti masiku onse mumamanga zoipa."

Amuna anga mukuwadziwa, ali apo, ndi munthu wosalankhula. Mulungu anaona kuti nyumba imodzi singakhale ndi pakamwa pawiri ngati panga. Msoti uja patapita sabata unafa. Ndinati ndi luzi, nkhani yathera pomwepo.

Tsopano dzanja langa ndi lopatsa, chimenecho chokha musandilande. Lute, mwana wanga wokwatiwa ku Msoro, anabwera kudzationa. Ndinamupatsa thadzi limodzi ndi anapiye ake seveni, poti mwana wamkazi sayamba banja popanda mbewu ya nkhuku ya kwa amake, ndi mwambo wathu. Alamu anga ndinawapatsa timisoti tiwiri. Amayi busa, inu ndinakupatsani kamsoti kofiira kaja, mukukakumbukira. Gwirani zimenezo, tizipeza kutsogolo. Lute ananyamuka Lachisanu. Amake Chisomo anabwera ndi kabotolo kawo sabata yotsatira, nkudontheza nkhuku zonse za pamudzi, zanganso.

Patapita masabata awiri kapena atatu, m'mawa ndikutsegula khola, zonse zatuluka, kamodzi katsala. Kakhala pansi, mwendo wina wautambasulira kutsogolo, wina kumbuyo. Kudya kakudya bwinobwino, maso ali gwa, koma kuima ayi. Mawa lake tiwiri. China phiko lili lende, chikulikoka pansi. China khosi lapindika. Zazikulu zikuyenda bwino, zikugwa ndi zazing'ono za miyezi iwiri, itatu.

Ndinati ichi si chitopa. Chitopa ndimachidziwa, nkhuku imaodzera, chitosi chobiriwira, masiku atatu khola lonse psiti. Ichi chinkatola imodziimodzi, mosafulumira, lero iyi, mkuja iyo.

Ndinachita chiyani? Funsani chimene sindinachite. Ndinasinja alovera kuthira m'madzi. Tsabola, phulusa, masamba a nimu. Ndinagula makapusolo kugolosale nkumatsegula kuwaza m'gaga. Ndinafika pomanga mwendo wa nkhuku ndi timabango ngati wathyoka. Ndikapita kudimba, kuthirira keni imodzi, iwiri, mtima uli kukhola, ndabwerera. Ndikafika kukhola, palibe chosintha, ndibwererenso kudimba. Tsiku limodzi njira imeneyo ndinkaiyenda kasanu. Zodwalazo zinzake zinkaziponda pa chakudya, kuzijompha m'mutu. Zinkaonda mpaka fupa la pachifuwa kumakubaya ukanyamula. Ndipo ndinkasesa, abale anga, kusesa. M'mawa kusesa, masana kusesa, fumbi kobo bwalo lonse, anapiye ali momwemo, ine ndikuti ndikuthamangitsa matenda.

Tsiku lina ndinaona msoti umodzi ukujompha pambali pa chakudya, kuphonya. Ndinaunyamula kuuyang'ana m'diso. Diso lija lofiirira linali litatuwa ngati phulusa, kakuda ka pakati katakhwinyata. Diso. Ndani anagwira diso la nkhuku zanga?

Sindinapemphere. Sindinafunse munthu. Ndinanyamula ndowa dzanja ili, msoti dzanja ili, ulendo wa kuchitsime. Munalipo ambiri tsiku limenelo, ena muli muno, musayang'ane pansi. Ndinaukweza msoti m'mwamba nkunena kuti, "Taonani diso ili. Ine sindikunena kanthu, koma mufunse chimene chili m'kabotolo kaja."

Sindikunena kanthu. Ndi mmene timapherana ife, timayamba ndi sindikunena kanthu.

Alamu anga anati, "Kwanganso tiwiri takhala pansi." Wina anati, "Ndamva kuti kwa abusa nakonso zayamba." Basi, mlandu watha, makomo atatu, kabotolo kamodzi. Palibe amene anakumbuka kuti makomo ena onse anadonthezedwa kabotolo komweko ndipo nkhuku zawo zinali kuthamanga bwinobwino. Pofika madzulo mawu aja anali atamera miyendo. Kabotolo kasanduka poizoni. Mawa lake kasanduka ufiti. Wina anawonjezera kuti nawonso amuna a Amake Chisomo anafa modabwitsa. Bambo uja anadwala chifuwa chaka chathunthu, tonse tinkapita kukamuona ndi phala. Ine ndinamva zimenezo ndi makutu angawa ndipo sindinatsutse.

Amake Chisomo anabwera kwathu. "Odi. Mwaswera bwanji, Amake Lute?"

Ine ndili chilili pakhomo, mphasa osatulutsa. Ndinati, "Taswera mmene mwafunira."

Anati, "Ndamva kuti nkhuku zavuta. Ndingazioneko?"

Ndinati, "Munaziona kale, zakwana."

Anali atagwira njinga. Kenaka anati, "Amake Lute, ine ndi inu tadyera mbale imodzi zaka zingati? Ngati ndinalakwitsa pa mankhwala, tiyeni tiitane a vetenale adzatiuze. Akati ndalakwa ndivomera pamaso pa onse."

Ndinati, "Itanani amene mufuna, koma pakhomo pano musapondenso."

Anangoti zikomo. Njinga sanaikwere, anaikankha mpaka kwawo.

Zotsatira zake mukuzidziwa, munazichita ndinu pamodzi ndi ine. Akafika kuchitsime, nkhani zimatha. Tomato wawo anaolera pathebulo, wogula palibe. Ana ankauzidwa kuti asalandire ngakhale mango kwa mayi ameneyo. Pa kwaya anakhala kamodzi, anthu anasendera, benchi yonse kuwasiyira okha. Lamulungu lotsatira sanabwere. Abusa, munalalikira za lilime masiku amenewo, kuti ndi kachiwalo kakang'ono koma kamayatsa nkhalango. Ine ndinali pano kuvomera ameni mokweza kuposa onse, ndikuganiza kuti mukunena ena.

Kenaka foni. Ndinali kudimba ndikuthirira repu. Lute akuti, "Amama, nkhuku zija munandipatsa zili ndi chiyani? Anapiye akula, koma anayi akhala pansi, mwendo wina uku, wina uku. Mmodzi diso lachita kutuwa. Ndipo za apongozi anga nazo zayamba."

Ndinati, "Anazidontheza m'maso ndani?"

Anati, "Kudontheza chiyani, amama? Kuno sikunabwere aliyense."

Ndinakhala pansi pakati pa repu, keni ikutayikira pamapazi. Lute ananyamuka Lachisanu. Kabotolo kanabwera sabata yotsatira. Anapiye amenewo sanakumanepo ndi Amake Chisomo, sanalawepo dontho ngakhale limodzi, koma alemala chimodzimodzi, diso latuwa chimodzimodzi. Matendawo anachoka nawo m'khola langa.

Abale ndi alongo, tchimo langa lenileni lili apa. Loyamba lija mungandichitire chifundo nkunena kuti kunali kusadziwa. Koma tsopano ndinadziwa. Ndinadziwa, ndipo ndinakhala chete masabata awiri. Ndinamuuza Lute kuti asauze munthu. Ndinkati ndikaulula anthu adzati chiyani, katswiri uja, wa sate folo uja? Manyazi, manyazi okhaokha.

Masabata awiri amenewo sindifunira mdani wanga. Ndiwo ndinkathira mchere kawiri. Ndinkaiwala poto pamoto mpaka fungo kundikumbutsa. Madzi ndinkakatunga kutali kudambo, kuopa kudutsa pakhomo pa Amake Chisomo. Ndikakhala pansi ndinyamuke, ndikanyamuka sindikudziwa kumene ndikupita. Ndikati ndipemphere, ndikangoti Atate, mawu atha. Bambo a Lute mpaka anafunsa kuti, "Amake Lute, kodi mwakhalira linthumbu?" Ndinawakalipira nawonso. M'masiku omwewo ndinamva kuti Amake Chisomo agulitsa mbuzi zawo zonse, ndipo atumiza mawu kwa achimwene awo kumtunda kuti akapeza motoka adzawatenge. Ndinamva, mtima unawawa, koma pakamwa panga, pakamwa pomwe paja pothamanga, panali potseka.

Koma taonani munthu amene ndinamupirikitsa. Sanaleke. Anapalasa njinga mpaka ku Jumbe kawiri, dzuwa lathu lomwe lino, kufunafuna a vetenale. Tsiku lina masana cha m'ma fotini awazi ndinamva njinga yamoto. A vetenale afika. Amake Chisomo anawaperekeza mpaka pamtengo wa msikidzi pamalire pathu, nkuima pomwepo, poti ndinati asaponde.

Bamboyo anagwira nkhuku imodziimodzi, kufunsa miyezi yake, kuyang'ana maso. Anapempha mpeni nkutumbula imene inafa m'mawa womwewo. Anatiitana ine ndi bambo a Lute, anati, "Taonani mtsempha uwu wa m'ntchafu. Mbali iyi ndi woonda ngati ulusi, ndi mmene uyenera kukhalira. Mbali iyi watupa. Nchifukwa chake mwendo sugwira." Anationetsanso chiwindi, chachikulu, chili ndi timabala toyera. Anati, "Amayi, kuti titsimikize kwenikweni pafunika kukayeza, koma zonse ndikuonazi ndi za matenda otchedwa Mareki."

Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Bambo a Lute anafunsa kuti, "Amachokera m'mankhwala aja a m'diso?"

Anati, "Ayi. Dontho lija ndi la chitopa. Silingabweretse izi, ndiponso silingaziletse, ndi matenda awiri osiyana. Kachilombo ka awa kamakhala m'fumbi lochoka ku nthenga. Nkhuku imapuma fumbilo ikadali mwanapiye, matenda nkubisala masabata ambiri, kenaka nkutulukira m'miyendo, m'mapiko, m'maso. Munalowetsapo nkhuku zachilendo m'khola muno?"

Bambo a Lute anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Anawafotokozera za misoti ya pamsewu ndi uja unkatsimphina. Atamaliza anatembenukira kwa ine nkunena kuti, "Ndiye kuti silinali luzi." Mawu okhawo, sanawonjezere.

A vetenale anafunsa kuti ndimasesa bwanji. Ndinathamanga kukatenga tsache, ndikuti apa pokha andiyamika. Anati, "Kusesa kouma ndi kumene kumamwetsa anapiye fumbi. Muziyamba mwawaza madzi." Ndinafunsa za mankhwala. Anati mankhwala ochiza palibe, ndisataye nthawi ndi makapusolo. Katemera alipo, koma amabaya tsiku lomwe mwanapiye waswa, kumalo kumene amaswetsa anapiye ambiri, ndiye pogula tizifunsa ngati anabayidwa. Anati anthu satenga matendawa, ana asaope. Zodwala ndizipatule, ndiziike pamthunzi, chakudya ndi madzi pafupi ndi mlomo. Zimene zafika pongovutika ndiziphe nkukwirira mozama. Nkhuku yachilendo izikhala payokha masabata angapo isanalowe kwa zinzake. Anapiye atsopano ndilerere kutali ndi khola lakale. Potsiriza anati, "Chachikulu ndi ichi, amayi. Musapatse munthu nkhuku yamoyo ya pakhomo pano, ngakhale ikuoneka yamphamvu. Imene yapulumuka imakhalabe nako kachilombo."

Musapatse munthu. Lute. Alamu anga. Amayi busa. Makomo aja tinatchula kuchitsime sanali a kabotolo, anali a dzanja langa. Amayi busa, kamsoti kofiira kaja ndinakubweretserani ndi manja awiri nditagwada, ndipo ndi kamene kanakupherani anapiye. Mundikhululukire.

Mawa lake ndinapita kwa Amake Chisomo. Ndinapeza akulonga mapoto m'saka, bedi atamasula kale. Ndinagwada pakhomo, ndipo mukudziwa ine kugwada ndi mawondo angawa si masewera. Ndinanena zonse, za misoti, za a vetenale, ndi za foni ya Lute.

Anafunsa kuti, "Munadziwa liti?"

Ndinati, "Masabata awiri apitawo."

Anasiya kulonga. Anati, "Mbuzi zanga ndagulitsa sabata yathayi, Amake Lute."

Ndinalira.

Anati, "Dzukani, mawondo anu ndikuwadziwa. Kukhululuka ndakhululuka, sindingakwere motoka ndi katundu wina pamwamba pa uyu. Koma mawu aja simunawanenere m'nyumba muno, munawanenera pagulu. Ine sindingakhale pamudzi pamene mwana akandiona amathawa. Mukawachotsere pamene pali anthu, ndipo ndidzaona chouza achimwene."

Ndinalonjeza kuti Lamulungu ndidzaima m'tchalitchi. Iwo anabweradi Lamulungu lathali, nkukhala pomwe akhala leropo. Abusa munafunsa kawiri kuti alipo wa umboni. Ine ndinagwira benchi, ndinaona nkhope zanu zonsezi, manyazi anandipanikiza. Poweruka ndinatulukira khomo la kumbali ngati wakuba.

Ndinati basi, zatha, sadzandiyang'ananso. Lolemba m'mawa ndikumva odi. Amake Chisomo, dengu m'manja, chitenje chakale paphewa. Anati, "Munati ndisaponde, koma ndabwera kwa nkhuku, osati kwa inu."

Anaboola chitenje mabowo awiri, kuchimanga pakamwa pa dengu, nkukhazikamo kamsoti kolemala, miyendo ili lende m'mabowo, chitini cha madzi ndi gaga wonyowa patsogolo pake. Anati kasagonere chitosi, ndiponso zinzake zisakaponde. Tinamanga kakhola ka mabango kuseri kwa nyumba koikamo zodwala. Zitatu zimene zinafika pongovutika tinazipha, ine ndikulira, iwo akukumba dzenje. Tinawaza madzi m'khola, kupala pansi, kutentha zisa zakale zonse. Akamaliza ankasamba m'manja, kusintha chitenje ndi nsapato asanapite kwa nkhuku zawo. Sabata yonseyi abwera m'mawa uliwonse. Za Lamulungu lija sanatchulepo ngakhale kamodzi, ndipo chete ameneyo wandipweteka kuposa akanandituka.

Mwa sate folo zija zatsala leveni. Nambala imeneyo sindikuuzanso odutsa. Kamsoti ka m'dengu kaja, Lachinayi kanaponda pansi. Kanaima, kanagwa, kanaimanso, kakuyenda mopepesuka. A vetenale anati zina zimadzuka nkudzagwanso, ndiye sindikulonjeza kanthu. Koma nditakaona kakulimbana chonchija ndinadzifunsa kuti, nanga iwe Amake Lute, miyendo yako ilibe matenda, walephera chiyani kuima?

Ndiye ndaima. Mverani, inu a kuchitsime, inu amene munamva kwa a kuchitsime, ndi inu amene munawonjezera zanu. Kabotolo ka Amake Chisomo kalibe mlandu. Mulibe poizoni, mulibe ufiti, muli katemera wa chitopa amene watisungira nkhuku zaka zonsezi. Matenda analowa ndi misoti ya pamsewu, anakulira m'khola langa, ndipo wowagawa pamudzi pano ndine. Amuna awo anafa ndi chifuwa, tonse tikudziwa. Ine ndinanamizira mnzanga, ndipo nditadziwa choona ndinabisa. Amene munamva kwa ine, mukauze amene munawauza, nawonso akauze amene anawauza. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Mbuzi zija sizibwerera, tomato uja anaola kale. Koma dzina la munthu tingathe kulitsuka, ngati titagwirizana monga tinagwirizanira polidetsa.

Ndipo kwatentha, abale, mukumva nokha. Nyengo ya chitopa ndi ino, mwezi wamawa ndi wa madontho. Motoka ija ikanyamuka Lachiwiri, adzadontheza ndani? Ife aja tinati tatanganidwa? Ine ndikanakonda kuti khomo langa likhale loyamba, ndigwire nkhuku mudzi wonse ukuona. Koma a vetenale anati kwanga wodontheza azifika pomaliza chifukwa cha fumbi lija, ndipo ndavomera, malo omaliza ndiwo anga.

Mwina wina akufunsa kuti nanga umboni uli pati, poti nkhuku zafa. Umboni wanga ndi uwu. Mulungu sanandibwezere nkhuku, ndipo sindikumufunsa. Chimene wandichitira nchakuti anandimana mtendere. Anandimana kudimba, anandimana kukhitchini, anandimana pa benchi iyi. Akanandisiya ndidye bwino, ndiseke bwino, Lachiwiri ndikanaima pakhomo kuonerera motoka ikupita ndi mnzanga, ndipo bodza langa likanakhala choona cha mudzi uno mpaka kalekale. Sanandisiye. Ananditsata, ananditsata, mpaka wandiimika pano. Ndikuthokoza Mulungu amene salola mwana wake kukhazikika pa bodza.

Tsopano cheukani.

Amake Chisomo, mnzanga, ndanena pamene pali anthu, monga munanenera. Sindingakukakamizeni, mwavutika kokwanira ndi pakamwa panga. Mukati mupita, ndidzakunyamulirani masaka ndekha mpaka pamsewu. Koma malo anu pa benchi ya kwaya ndi awo. Chitenje chili pamenepocho nchanga, ndinachiyala m'mawa ndisanakhale pansi kuti pasakhale wina.

Aimirira. Abusa, aimirira. Sakupita kuchitseko, akubwera kuno. Apatseni njira, inu a pakati sendezani miyendo, chotsani ana panjirapo.

Mukuti chiyani, mnzanga? Nenani kuno kukhutu, phokoso lachuluka.

Akuti tikaweruka ndiwabwereke foni, yawo yatha tokotaimu. Akufuna aimbire achimwene awo, asavutike kutsika ndi motoka.

Ambuye, zikomo. Zikomo, zikomo, sindinayenere. Abusa, zikomo pondipatsa mpata, ndatenga nthawi yaitali, mundikhululukire. Mpingo wa Mulungu, musandisiye ndilire ndekha, imirirani mukondwere nane. Amayi, nthungululu zili kuti? Aleluya! Amake Chisomo, yambitsani ndinu nyimbo, mawu apamwamba ndi anu. Ine ndilowa ndi apansi.